Kusoka Kathumba ka Zipi Kosungiramo Tizida ta Paulendo wa Kuphiri ndi Kutchire

Chikwama cha kumsana chimameza tinthu ting'onoting'ono. Tochi, mabatire, laita, kampeni, mabandeji, kachingwe kochajira foni, zonsezi zimatsetsereka n'kukabisala pansi penipeni, ndipo nthawi imene mumazifuna imakhala ya mdima kapena ya mvula. Mankhwala ake ndi kathumba ka zipi, kamene mungathe kusoka nokha madzulo amodzi pa makina wamba a panyumba.

Kathumba tisoke panoka ndi ka nsalu imodzi yokha, kopanda ina ya m'kati. Kakatha kadzakhala masentimita 20 chopingasa, pafupifupi 12 choimirira, ndipo pansi pake padzatambalala masentimita 6 kuti kazitha kukhala kokha mukakaika pamwala. Tithumba totere tikamatha, nthawi zambiri nsalu imakhala ikadali bwinobwino. Chimene chimayamba kugonja ndi zipi, makamaka kumapeto kwake kuwiri kumene imakumana ndi misoko ya m'mbali. Ndiye mudzaona kuti pa zipi tichedwapo ndithu, pamene zina tingozidutsa mwachangu.

Nsalu

Pezani nayiloni kapena poliyesita yopakidwa pulasitiki kuseri kwake. Kuseriko mumakudziwa chifukwa kumanyezimira ndipo kumakhala ngati kukumata pang'ono mukakugwira. Ogulitsa nsalu zimenezi amazitchula ndi nambala yotsatana ndi chilembo D, monga 70D, 210D, 420D, 500D kapena 1000D. Nambalayo ndi kulemera, m'magalamu, kwa ulusi wolukira nsaluyo wotalika mamita 9,000, choncho ikamakula ndiye kuti ulusi ndi wonenepa ndipo nsalu ndi yokhuthala.

Kwa kathumba kakang'ono chonchi, 210D kapena 420D ndi yabwino zedi. Ya 70D ndi yopepuka koma imaterera pansi pa singano, ndipo munthu amene akuyamba kumene angalimbane nayo mpaka kutopa. Nsalu yolimba ya nayiloni yotchedwa Cordura, ya 500D, imapirira kukhuzika pamiyala, ndiye ngati mukufuna kusungamo zikhomo za tenti kapena zitsulo zosongoka, tengani imeneyo. Ya 1000D ine sindiilimbikitsa pano. Ikapindika kanayi n'kuwonjezerapo zipi ndi riboni, makina a panyumba amayamba kulira, ndipo kathumba kamauma gwa popanda chimene mwapindula.

Nsalu ina imakhala ndi timizere tolukana ngati timabokosi, imene imatchedwa ripstop. M'timizeremo muli ulusi wonenepa umene umaletsa kuti pong'ambika pasapitirire. Mukaipeza musaisiye, chifukwa timizere tomwe tija tikuthandizaninso kudula mowongoka. Tenti yakutha kapena chikwama chakale zimakhalanso ndi zigawo zolimba zimene mungadulepo, bola pulasitiki ya kuseri isakhale ikusupuka kapena kununkha.

Sankhani mtundu wowala. Kathumba kakuda kakagwera mu udzu madzulo, mudzakafufuza mpaka kulema.

Zipi, ulusi ndi singano

Mazipi alipo a mitundu itatu: a mano achitsulo, a mano apulasitiki akuluakulu oima palokhapalokha, ndi a mano a nayiloni opotana ngati sipulingi. Ife tikufuna achitatuwa. Ndi okhawa amene singano ingadutse pamwamba pake osathyoka, ndipo mungawadule ndi sizasi pamene mwafuna. Achitsulo amachita dzimbiri akanyowa kawirikawiri.

Zipi nayonso ili ndi nambala, imene nthawi zambiri imalembedwa kunsi kwa mutu wake, kachitsulo koyenda kaja. Nambala 3 ndi nambala 5 ndi zimene zimapezekapezeka, ndipo nambalayo imasonyeza pafupifupi kukula kwa mano m'mamilimita zipi ikatsekedwa. Nambala 3 ndi yopepuka, yokwanira kathumba ka mankhwala kapena ka mswachi. Nambala 5 imapirira mchenga komanso kukokedwa mwaukali ndi zala zozizidwa, ndipo miyeso ili m'munsimu ndi ya imeneyi. Pa mazipi ambiri a zikwama ndi matenti mudzaona zilembo YKK. Imeneyi ndi kampani ya ku Japan imene Tadao Yoshida anayambitsa mumzinda wa Tokyo mu 1934, ndipo mazipi ake amadziwika kuti amakhalitsa. Pa zinthu zonse za kathumbaka, zipi ndi imene simuyenera kuumirapo.

Zipiyo ikhale yaitali kuposa nsalu. Nsalu yathu ndi masentimita 22 mbali imene zipi ikhale, ndiye zipi ikhale 30 kapena kuposerapo. Kutsalira kwa masentimita anayi uku ndi uku n'kumene kudzakupulumutseni: mutu wa zipi mudzaukankhira kunja kwa nsalu kuti usakutsekerezeni njira posoka, ndipo zotsalazo tidzadula pamapeto.

Ulusi ukhale wa poliyesita. Wa thonje umamwa madzi n'kuwola, ndipo msoko umaphotchoka nsalu ikadali yatsopano. Ngati pachikulunga palembedwa nambala ya Tex, imene ndi kulemera kwa mamita 1,000 a ulusiwo m'magalamu, ya pakati pa 40 ndi 50 ndi yabwino pa makina a panyumba. Singano ikhale ya saizi 90/14 pa nsalu ya 210D kapena 420D, ndipo 100/16 pa Cordura. Ikani yatsopano. Yobuntha imadumpha masitichi ndipo imaboola mabowo aakulu.

Zina zofunika ndi izi: riboni yolimba ya nayiloni yotambalala masentimita awiri, yotalika pafupifupi sentimita 80, kachingwe kowonda ka masentimita 15, rula, choko, sizasi, laita, ndi timapanilo ta mapepala kapena ta zovala. Mapini asiyeni m'chitini. Bowo lililonse limene pini yaboola pa nsalu yopakidwa pulasitiki silitsekekanso, ndipo madzi amalowera pomwepo.

Gawo loyamba: kudula ndi kuwotcha m'mphepete

Jambulani kuseri kwa nsalu bokosi la masentimita 22 ndi 30. Onetsetsani kuti makona ake ndi oongoka bwino pogundika kona ya buku kapena ya pepala pakona iliyonse. Bokosi likapendekeka ngakhale pang'ono, kathumba kadzapotoka ndipo zipi izidzayenda mokhotakhota. Dulani.

Nayiloni yodulidwa imayamba kusololoka ulusi m'mphepete. Yendetsani m'mphepetemo pafupi ndi lawi la laita, mofulumira, kuti ulusi ungosungunuka pang'ono n'kumatana. Nsalu isalowe m'lawi, ingolipsopsona. Mukachedwetsa dzanja pamatuluka chotupa chakuda cholimba chimene chimathyola singano. Chitirani pamalo opita mphepo, ndipo musagwire pamene pangosungunuka kumene, chifukwa nayiloni yamoto imakakamira pakhungu.

Pa riboni ija dulanipo tizidutswa tiwiri ta masentimita 7, muwotchenso nsonga zake. Timeneti tidzakhala makutu a kathumba, ogwirapo potsegula zipi. Yotsalayo isungeni.

Gawo lachiwiri: yesani makina pa kansalu kotsala

Ambiri amadumpha gawo ili chifukwa cha changu, koma pa nsalu iyi msoko wolakwika ukasomoledwa umasiya mzere wa mabowo. Pindani kansalu kotsala pawiri, ikani kutalika kwa sitichi pa mamilimita atatu, n'kusoka mzere umodzi. Masitichi afupiafupi kwambiri amaboola nsalu mothithikana moti imadzang'ambikira pamzere womwewo.

Yang'anani mbali zonse ziwiri. Mukaona timalupu ta ulusi kunsi, ndiye kuti ulusi wa pamwamba ndi wolekerera. Ukungeni pang'ono, kapena muuchotse n'kuulowetsanso phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu pansi pa singano, lili m'mwamba. Nsalu ikamakwinyika, ulusi wakungika kwambiri. Pulasitiki ya kuseri ikamakakamira ku phazi n'kumakana kuyenda, matani kachidutswa ka selotepi kunsi kwa phazilo, kusiya poyera pamene singano imadutsa, kapena yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa nsalu n'kudzakang'amba mukatha.

Tsopano chotsani phazi la masiku onse, muikepo phazi la zipi, lopyapyala lija limene limalola singano kuyenda pambali pake.

Gawo lachitatu: mbali yoyamba ya zipi

Yalani nsalu patebulo, kumaso kwake kuyang'ane kumwamba, mbali ya masentimita 22 ikhale kutali ndi inu. Tengani zipi yotseka, muiike chafufumimba pamwamba pa nsaluyo, kutanthauza kuti mano ndi chokokera ziyang'ane pansi, zigunde kumaso kwa nsalu. Mphepete ya zipi ifanane ndi mphepete ya nsalu, ndipo zipi itsalire mofanana kumanja ndi kumanzere. Mutu wa zipi ukhale kunja kwa nsalu. Panani ndi timapanilo tinayi kapena tisanu.

Sokani mamilimita 7 kapena 8 kuchokera m'mphepete. Poyamba ndi pomaliza, bwererani m'mbuyo masitichi atatu kuti msoko ukhome. Apa pali chinthu choti musamale: musayandikire mano kwambiri. Maso amakuuzani kuti msoko ukagundana ndi mano ndiye kuti zaoneka bwino, koma mutu wa zipi umafuna njira yake. Pakati pa mano ndi nsalu pakhale mpata wa mamilimita anayi kapena asanu. Mpatawo ukachepa, mutu uzidzaluma nsalu nthawi iliyonse mukatsegula, ndipo zipi yolumaluma ndi imene anthu amaikoka mwaukali mpaka kuithyola.

Posoka, musakoke zipi kapena nsalu. Makina amayendetsa okha. Ntchito ya manja anu ndi kuwongolera basi. Zipi ikakokedwa posoka, imadzapanga mafunde kathumba kakatha, ndipo mafunde amenewo sachoka.

Mukamaliza, tembenuzani zipi kuti iyang'ane kumwamba, nsalu ipindike kuchoka pa mano. Kandani mpindirowo ndi chikhadabo kapena ndi msana wa sizasi. Simbi yamoto isafike pano, imasungunula pulasitiki. Kenako sokani msoko wachiwiri pamwamba, mamilimita awiri kapena atatu kuchokera pampindiro, kuti ugwire nsalu, mphepete yake ya kunsi ndi zipi pamodzi. Msoko uwu anthu amauona ngati wokongoletsa, koma ntchito yake ndi yaikulu: umagoneka nsalu kuti isadzuke n'kulowa m'mano, ndipo umagawana katundu ndi msoko woyamba uja. Popeza ndi umene uzioneka, yendetsani makina modekha, maso ali pa mphepete ya phazi osati pa singano.

Gawo lachinayi: mbali yachiwiri

Pano m'pamene tithumba tambiri timapotokera. Zipi ikadali yotseka, lembani ndi choko pa mbali yake yopanda nsalu timizere tiwiri, molunjika ndi pamene nsalu yayambira ndi pamene yathera pa mbali yosoka kale. Timizereti ndi timene tikuuzeni pamene mphepete inayo ikhale.

Yalani nsalu kumaso kuli kumwamba, zipi ili kutali ndi inu. Nyamulani mphepete ya pafupi nanu, muipinde kupita kumwamba mpaka ikafanane ndi mphepete ya zipi yopanda nsalu ija, kumaso kwa nsalu kugunde kumaso kwa zipi. Makona a nsalu agwere ndendende pa timizere ta choko. Panani. Musanasoke, yang'anani m'mbali: mphepete ya pamwamba ndi ya pansi zikuyenera kugonerana popanda ina kutsogola. Zikasemphana ndi mamilimita awiri okha, masulani timapanilo muyambirenso.

Sokani monga poyamba, mamilimita 7 kapena 8 kuchokera m'mphepete. Tsopano muli ndi chinthu chonga mpope wotseguka uku ndi uku. Tsegulani zipi yonse mpaka kumapeto, mutembenuze nsalu, mukande mpindiro, n'kusoka msoko wa pamwamba. Malo ndi opanikiza pang'ono chifukwa nsalu yazungulira, koma kutalika kwa zipi kuja kukupatsani mpata woti muitambasule. Sokani masentimita angapo, imani singano ili pansi, konzani nsalu kuti ina isalowe kunsi kwa phazi, pitirizani.

Ngati zipi yanu ndi yogula pa mita, yopanda zotsekera kumapeto, samalani kuti mutu usavuke. Ukavuka si imfa ayi. Mutu uli ndi mbali ya makomo awiri ndi mbali ya khomo limodzi. Lowetsani nsonga ziwiri za zipi m'makomo awiriwo mofanana, gwirani nsongazo zikatulukira, n'kukoka mutu pang'onopang'ono mpaka mano alumane. Zikavuta, dulani mano okwana sentimita imodzi pa nsonga imodzi, kusiya nsalu yake, kuti mupeze pogwira. Mukatero onaninso ngati mphepete za nsalu zikufanana. Zikasemphana vulani mutu muulowetsenso.

Gawo lachisanu: makutu

Kokerani mutu wa zipi pakati pa kathumba. Chitani zimenezi panopa, musanachite china chilichonse. Mutu ukatsalira kunja n'kusoka m'mbali, mudzaudula pamodzi ndi zipi yotsala, ndipo mudzakhala ndi kathumba kotsekeka kosatsegulika.

Pindani pawiri kachidutswa ka riboni ka masentimita 7. Kaikeni pamwamba pa mano a zipi, kumaso, kumapeto kwa nsalu: nsonga zake zifanane ndi mphepete ya nsalu, ndipo kopindika kuloze m'kati, kumene kuli mutu wa zipi. Kumbali imene zipi yatseguka, gundanitsani mano a mbali ziwiri ngati kuti ndi yotseka, riboni iwagwire pamodzi. Sokani kamzere kakafupi mamilimita asanu kuchokera m'mphepete, kudutsa riboni ndi zipi zokha, osagwira nsalu ya kumbuyo. Chitani chimodzimodzi mbali inayo.

Makutuwa amaoneka ngati zachabe mpaka tsiku limene mudzafune kutsegula kathumba mutavala magolovesi. Dzanja limodzi limagwira khutu, lina limakoka zipi, ndipo mphamvu yonse imathera pa riboni m'malo mothera pa msoko. Ndi pomwenso mumakolekapo kathumba ku chikwama kapena m'denga la tenti. Komanso riboniyo imaphimba malo amene zipi imalowera mumsoko, paja pamayambira kung'ambika.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: misoko ya m'mbali

Tembenuzani kuti kuseri kwa nsalu kukhale kunja. Tsopano sankhani pamene zipi ikhale. Tithumba tambiri timakhala ndi zipi pamwamba penipeni, koma kumeneko zipi imayenera kupindika pawiri mumsoko, ndipo makona amatuluka onenepa ndi opinimbira. Ife tiitsitsira kumaso. Gudubuzani nsalu mpaka mano a zipi akhale masentimita atatu kuchokera pampindiro wa pamwamba, kenako iphwathalitseni patebulo. Zipi ikagona chonchi, singano imaidutsa mosavuta, ndipo mvula ikamagwa sigwera pa mano mwachindunji. Yezani masentimita atatuwo mbali zonse ziwiri, musangoyerekeza ndi maso. Panani m'mbali monse, ndipo onetsetsani kuti makutu aja agona m'kati mowongoka.

Bwezeretsani phazi la masiku onse. Sokani mbali imodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Mukafika pa zipi, chotsani phazi lanu pa chopondera n'kumazunguza gudumu la makina ndi dzanja, sitichi imodziimodzi. Singano ikagunda dzino n'kukana, musaikakamize. Ikwezeni, sunthani nsalu pang'ono zedi, iloweni pambali pa dzinolo. Phazi la makina likapendekeka pokwera chitunda cha zipi ndi riboni, pindani kansalu kotsala n'kukalowetsa kumbuyo kwake kuti likhale mofanana, apo ayi masitichi amaunjikana malo amodzi.

Mukadutsa zipi, bwererani m'mbuyo n'kuidutsanso, kenako kachitatu. Pamenepa ndi pamene mutu wa zipi uzidzagunda tsiku lililonse, ndiye msoko umodzi sukwanira. Koma musapitirire katatu pamzere umodzimodzi, chifukwa mabowo akachuluka nsalu ya zipi imafooka. Mukafuna kulimbitsa kwambiri, sokani kamzere kena mamilimita atatu kunja kwa koyambako.

Musanasoke mbali yachiwiri, pisani dzanja muone ngati zipi ili yotsegula mpaka pakati. Pamenepo ndi pamene mudzatembenuzire kathumba. Sokani mbali yachiwiriyo mofanana ndi yoyamba.

Dulani zipi yotsala kuti ifanane ndi mphepete ya nsalu. Gwiritsani ntchito sizasi yakale, mano a nayiloni amabunthitsa yabwino. Wotchani podulapo mpaka mano omalizira amatane.

Kenako vekani misokoyo. Dulani riboni yotalika kuposa msoko ndi masentimita awiri, muipinde pawiri m'litali mwake, mulowetse mphepete za nsalu m'kati mwake ngati mmene buku limalowera m'chikuto, nsonga muzipindire m'kati, n'kusoka pafupi ndi mphepete ya riboni kuti singano igwire kumwamba ndi kunsi komwe. Zimenezi zimateteza mphepete kuti zisakhuzike ndi makiyi ndi zitsulo zimene muzidzaponyamo. Ngati riboni yakuvutani, sokani zigizagi m'mphepete monse. Sizioneka bwino kwenikweni, koma m'kati muja ndani adzayang'anamo?

Gawo lachisanu ndi chiwiri: makona a pansi

Mukafuna kathumba kophwathalala, kosungiramo mapu kapena mapepala, dumphani gawo lino, mupite ku gawo lomaliza. Koma tochi ndi mabatire zimafuna mimba.

Kathumba kakadali kotembenuza, pisani dzanja m'kona imodzi ya pansi n'kuitambasula kuti msoko wa m'mbali ugone pamwamba pa mzere wa mpindiro wa pansi. Kona ija isanduka nsonga ya mbali zitatu, msoko uli pakati pake. Kuti mutsimikize kuti uli pakatidi, pindani nsongayo pawiri potsata msoko. Mbali ziwiri zikuyenera kufanana. Kuchokera pansonga, pamene ulusi wa msoko wathera, yezani masentimita atatu kutsata msokowo. Pamenepo jambulani mzere wopingasa. Mzerewo ukuyenera kukhala masentimita 6, atatu kumanja kwa msoko ndi atatu kumanzere. Ukapanda kukwana chonchi, ndiye kuti nsonga yapendekeka, ikonzeni.

Lamulo lake n'losavuta kulikumbukira mukadzafuna kusintha miyeso: mtunda wochokera pansonga ndi theka la kutambalala kumene mukufuna. Mukafuna pansi pa masentimita 8, yezani anayi. Kumbukiraninso kuti chimene mwawonjezera pansi chimachoka ku msinkhu wa kathumba, ndiye nsalu iyenera kutalika moyenerera: masentimita awiri alionse owonjezera pansi, onjezani awiri pa kutalika kwa nsalu podula.

Sokani pamzerewo, kukhoma poyambira ndi pothera. Chitani kona inayo, ndipo mphepete ya msoko wa m'mbali igonere mbali yofanana pa makona onse awiri. Dulani nsongazo kusiya sentimita imodzi, wotchani, vekani riboni yotsala ija.

Gawo lomaliza: kutembenuza ndi chokokera

Dulani ulusi wonse wolendewera kusiya mamilimita atatu, muuyandikize ku lawi kuti usungunuke, n'kuudinda ndi chitsulo cha laita. Tsegulani zipi yonse, tembenuzani kathumba, makona muwatulutse ndi chala kapena ndi kumbuyo kwa pensulo. Nsonga ya sizasi imaboola.

Pisani kachingwe kaja pabowo la chokokera zipi, mumange mfundo, muwotche nsonga. Ena amadula chokokera chachitsulo ndi pulayala n'kumanga chingwe pa mutu penipeni, kuti kathumba kasamalire ngwee ngwee poyenda komanso kuti kasakande galasi la foni m'chikwama. Mukasoka tithumba tingapo, chingwe cha mtundu wosiyana pa kalikonse chimakuuzani za m'kati musanatsegule: chofiira cha mankhwala, chachikasu cha magetsi.

Yendetsani zipi kangapo. Ikuyenera kuyenda myaa kuchokera khutu lina kufika khutu lina osaima. Dzazanimo katundu n'kukoka makutu onse awiri mwamphamvu, muone ngati pali sitichi imene ikutseguka.

Ngati mulibe makina

Zonsezi zimatheka ndi manja, kungoti nthawi imachuluka. Gwiritsani ntchito sitichi yobwerera m'mbuyo, imene singano imatulukira kutsogolo n'kubwerera kukalowa pamene sitichi yapitayo yathera. Jambulani kaye mzere ndi choko kuti muutsate, ndipo sitichi iliyonse ikhale mamilimita atatu kapena anayi. Ulusi muukhuze pa phula kapena pa kandulo kuti usapotane. Podutsa zipi, lowetsani singano pakati pa mano, ndipo mukulunge ulusi kuzungulira manowo kasanu kapena kasanu n'kamodzi kuti pakhale chotchinga mutu.

Za madzi ndi mchenga

Kathumba aka kamapirira mame ndi mvula yowaza, koma kakagwera mumtsinje madzi alowa. Amalowera pa mano a zipi ndi pa mabowo a singano. Mungachepetse zimenezi popaka guluu wotsekera misoko m'kati, monga Seam Grip, amene amagwira pa nsalu zopakidwa pulasitiki ya polyurethane. Nsalu zopakidwa silikoni zimakana guluu ameneyu, zimafuna wa silikoni yemweyo. Palinso mazipi okhala ndi khungu la pulasitiki pamwamba, monga AquaGuard ya YKK, amene mano ake amayang'ana m'kati. Amaletsa madzi owaza koma amalimba pokoka, ndipo nawonso si omiza m'madzi. Foni, machesi ndi mapepala ofunika muziike kaye m'pulasitiki yotseka musanaziike m'kathumba.

Mukabwera ku ulendo, khutulani zonse, tembenuzani kathumba, kaumitseni pamthunzi. Kakasungidwa konyowa kamachita chuku, ndipo pulasitiki ya kuseri imayamba kumata n'kusupuka. Mano a zipi atsukeni ndi mswachi wakale ndi madzi, chifukwa mchenga ndi umene umadya mutu wa zipi m'kati. Mafuta musapakepo, amangoitana fumbi.

Tsiku lina mudzaona zipi ikutseguka kumbuyo kwa mutu pamene mukutseka. Nthawi zambiri mano amakhala alibe vuto. Mutu ndi umene wakhamuka. Ubwezereni koyambira, mutenge pulayala, mupane pang'ono mbali ya khomo limodzi ija, kumanja kenako kumanzere, kuti chitsulo cha pamwamba ndi cha pansi ziyandikane. Panani pang'ono zedi n'kuyesa, chifukwa mukapitirira muyezo mutu umakanirira kapena kusweka. Zikakanika, somolani riboni ndi msoko wa m'mbali pamene pali zipi mbali imodzi yokha, vulani mutu wakalewo, lowetsani wina wa nambala yomweyo, ndipo musokenso kudutsa zipi katatu monga munachitira poyamba.